Mwalimu Kindole ndi Mtani Wake

Alamu anga, a Anakleti Kindole, analowa yunivesite imvi zitayamba kale kutuwa m'mbali mwa makutu. Anali akulu ake a malemu mwamuna wanga Filibati, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri anaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kumapiri a ku Kilolo, kumene madzi a m'mawa amaluma zala. Kumudziko palibe amene ankawatchula dzina. Aliyense ankangoti Mwalimu, ngati kuti mphunzitsi padziko lonse ndi iwo okha. Pa maliro ndi iwo ankawerenga mbiri ya womwalira. Pa ukwati ndi iwo ankakhazika anthu m'malo mwawo. Anthu awiri akakangana za malire a munda wa nsawawa, ankawatsatira kusukulu n'kudikira pansi pa mtengo mpaka belu lilire.

Digiri ankaifuna kuyambira kale. Analemba mayeso paokha, kawiri konse, mpaka anapeza malo, ndipo boma linawapatsa tchuthi cha maphunziro. Tsiku lotsanzikana ana a sukulu anawaimbira nyimbo, amuna anamwa ulanzi, mowa wathu wa nsungwi, ndipo mkulu wa mpingo anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Mukabwere nacho chipewa cha ngodya zinayi chija, tidzachione ndi maso ifenso."

Anafikira kwanga ku Kihesa, kuno ku Iringa, m'dziko la Tanzania. Filibati anandisiyira nyumba yokhala ndi zipinda ziwiri kuseri, zimene ndimasungamo ana a yunivesite, ndipo ine ndimakhala pakhonde ndi makina anga, kusoka mayunifolomu. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Sindine woyankhulayankhula, ndipo anthu akazolowera kulira kwa makina amaiwala kuti kuseri kwa makinawo kuli munthu wa maso ndi makutu.

Alamu anabwera ndi bokosi lachitsulo lobiriwira, thumba la mbatatesi, ndi matayi atatu. M'masabata oyambirira ankadzuka mwachangu ngati mwana wa Sitandade 1. Nsapato kupukuta, jekete kukutumula, tiyi kumwera chiimire. Madzulo ankabwera ndi nkhani. Ankandiuza za holo yaikulu ngati tchalitchi, za laibulale imene munthu angasochere, za ana olemba pafoni osayang'ana n'komwe zala zawo. Iwo ankakhala pa benchi loyambirira penipeni, chifukwa ndi mmene ankaphunzitsira ana awo: wofuna kumva akhale kutsogolo.

Zinayamba kusintha pa phunziro limene ankalitcha masamu a kafukufuku. Mphunzitsi wake anali mnyamata woti akhoza kukhala mwana wawo wachisamba. Tsiku lina anafunsa funso, alamu anakweza dzanja, anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuyankha motalika ndi mawu awo a pa maliro aja. Yankholo linali lolakwika.

Kwathu kuno mwana sapereka moni kwa wamkulu ngati kwa mnzake. Amati shikamoo, wamkulu n'kuyankha kuti marahaba. Ndipo munthu amene wamupatsa shikamoo sungatembenuke n'kumuuza pagulu kuti walakwa. Mphunzitsi uja analeredwa bwino. Anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Shikamoo, bambo. Zikomo kwambiri, tamva. Pali wina?" Mtsikana wina anayankha ali chikhalire, mawu ochepa chabe, ndipo yankho lakelo ndi limene linalembedwa pa bolodi. Palibe amene anaseka.

"Akanandiseka zikanakhalako bwino, mlamu," anandiuza madzulo ake, tiyi akuzizira m'kapu. "Koma anandinyamula ngati dzira."

Ine ndinangoti pepani, n'kuwonjezera shuga.

Ophunzira ankapatsidwanso ntchito ya m'magulu. Gulu la alamu linkakumana pabwalo panga Loweruka masana, pansi pa mtengo wa mapeyala. Mtsogoleri wake anali Gwamaka, mnyamata wamtali wa ku Tukuyu, waulemu mpaka kuchititsa manyazi. Akafika ankalowa m'nyumba, kunyamula mpando wanga wa ndalema umodzi womwewo, kuukhazika pamthunzi kuti akhalepo alamu. Iwo ankakhala pa njerwa. Alamu ankatsegula ndi pemphero, kenako n'kupereka gawo lawo la ntchito, lolembedwa pamanja ndi zilembo zoongoka ngati mizere ya chimanga. Gwamaka ankalandira ndi manja awiri.

"Zili bwino kwambiri, bambo. Mwatithandiza."

Ine pakhonde ndinkaona mmene anawo ankayang'anirana chamseri. Akatsanzika sankapita kogona. Ankakakumananso okhaokha pa mabenchi a simenti a kusukulu kwawo, n'kulemba gawo lija kachiwiri. Alamu anazizindikira tsiku limene gulu linakafotokoza ntchito yake m'kalasi. Anamvetsera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osamvamo mzere wawo ndi umodzi womwe. Gulu linakhoza bwino, ndipo dzina lawo linali loyamba pachikuto.

"Dzina langa lili pamwamba ngati chipewa," anatero. "Chipewa sichiganiza, mlamu. Chimangonyamulidwa."

Kuchokera pamenepo anachoka pa benchi loyamba. Anandiuza kuti kutsogolo kumawala kwambiri. Kenako anasamukira pafupi ndi chitseko, ati kuti mpweya uziwapeza. Nkhani za madzulo zinatha. Ankatulukabe m'mawa nsapato zikunyezimira, koma tsiku lina nditapita m'tauni kukagula ulusi ndinawaona ataima kwa wogulitsa nyuzipepala, manja kumbuyo, akuwerenga mitu ya nkhani pamodzi ndi anyamata a pasiteji. Inali nthawi ya kalasi. Ndinakhotera msewu wina kuti asaone kuti ndawaona.

Mayeso atabwera, maphunziro oloweza anakhoza mokwawa, chifukwa zimenezo munthu akhoza kuwerenga yekha m'chipinda. Masamu a kafukufuku anagwa. Lamulo lake ndi lakuti wogwa amalembanso chaka chatsopano chisanayambe, ndipo akagwa kachiwiri amabwerera kwawo. Alamu sanauze akazi awo kumudzi. Anangowatumizira uthenga woti atsalira m'tauni pa tchuthi kuti awerenge.

Kuwerenga kwake kunali kukhala padzuwa pa mpando wa ndalema, buku lili pamiyendo, tsamba lomwelomwelo kuyambira m'mawa mpaka mthunzi kuwapeza. Kawiri ndinawaona akupukuta fumbi pa bokosi lachitsulo lija.

"Kumudzi ndine munthu," anatero tsiku lina osandiyang'ana. "Kuno ndine chiyani? Ndikhoza kungopita, ndikanene kuti maso akuvuta. Ndani angatsutse Mwalimu?"

Ndinadziwa kuti akanyamula bokosilo sadzabweranso, ndipo kuti adzakhala moyo wawo wonse akufinya maso pamaso pa anthu kuti bodza lioneke loona. Koma mkazi wa mng'ono wawo angawauze chiyani? Ndinapondaponda makina.

Mu Ogasiti, mphepo ija ikuulutsa fumbi kuchokera kumiyala, pageti panaima bajaji, kagalimoto kahayala ka matayala atatu. Munatuluka mtsikana wamfupi wa jekete lofiira lomukulira, ndowa kudzanja, matiresi kumutu, akukangana ndi woyendetsa za njira imene anadzera. Dzina lake anali Kandida. Nayenso anagwa masamu omwewo, ndipo ankafuna chipinda mpaka tsiku lolembanso. Ine anandipatsa moni bwinobwino. Kenako anaona alamu padzuwa paja, anayamba kupinda bondo, koma anaima.

"Mayi, agogowa dzina lawo ndani?"

"A Kindole," ndinatero.

"Kindole? Mhehe?" Anawongoka, n'kutula matiresi pansi. "Ine ndine Mbawala wa ku Songea, Mngoni weniweni. Mayi, galuyu ndi wanu? Muzimutsekera m'nyumba. Taonani mmene mdalayu akumuyang'anira. Akumuyeza ndi maso kuti akwana mphika uti."

Ife Ahehe ndi Angoni timatchulana kuti mtani. Makolo athu anamenyana ndi mikondo kalekale, atatopa anapangana kuti azimenyana ndi pakamwa basi. Mtani akhoza kukunyoza pamsika, kukulanda nkhuku pabwalo pako, ngakhale kuimitsa maliro a m'bale wako, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Iwo amatinena kuti timadya agalu. Ife timawanena kuti mayina awo ndi a nyama zakutchire. Koma ana a m'tauni ambiri anaziiwala zimenezi, ndipo alamu anali asanamve mawu otere kuchokera kwa mwana chilowereni pageti la yunivesite.

Anavula magalasi pang'onopang'ono, n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi.

"Mlamu, tsekani geti," anatero. "Nyama yathawa kutchire. Iwe Mbawala, a zanyama akudziwa kuti uli kuno?"

"Anandituma ndidzaone ngati agalu atsalako ku Iringa."

"Kwanuko mayina a anthu anatha, mpaka kukabwereka kwa zolengedwa za miyendo inayi?"

"Anatha, agogo. Anatengedwa ndi Ahehe, koma nzeru anatisiyira."

Alamu anaseka. Kunali kuseka kwa dzimbiri, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe nyengo yonse ya mvula, koma kunali kuseka. Galu wanga Pilipili anadzuka n'kuwayang'ana modabwa.

M'mawa wotsatira Kandida analawirira kukhala pa mpando wa ndalema. Alamu atatuluka anapeza wakhalapo, miyendo yapiringizana, akudya chitumbuwa chawo.

"Mpando wa akulu umenewo."

"Wa akulu okhoza mayeso. Inu ndi ine ndife a pa njerwa, koma ine ndafulumira." Anawalanda buku. "Eee, inunso munagwa masamuwa? Mhehe wagwa, Mngoni wagwa. Nkhondo yathera pakatikati." Anatsegula pamene alamu ankayesera kuwerengera, n'kuyendetsa chala. "Apa mwalakwitsa. Apanso mwalakwitsa. Apa ndiye simunalakwitse, mwangolota."

Ndinaona khosi la alamu likuuma. Koma mtani ndi mtani.

"Ngati uli ndi nzeru chonchi, unagweranji?"

"Ine ndinagwa ndi liwiro. Inu munagwa mutakhala pansi."

"Tandionetsa, ndione ngati mbawala imadziwa kuwerenga."

Anakoka kampando kanga ka kukhitchini n'kukhala. Funso lawo loyamba pa miyezi yonse ija linatuluka choncho, litavala chipongwe. Ena anatsatira. "Nambala iyi waitola kuti, kuthengo?" "Bwereza, chilankhulo cha nyama sindichimva msanga." Kandida ankafotokoza mokuwa, manja akuuluka, ndipo alamu ankalemba pang'onopang'ono. Pasanapite nthawi alamu anayamba kumugwira nayenso akalakwitsa, chifukwa mtsikanayo ankadumpha masitepe n'kufika pa yankho asanadutse panjira.

"Kudumpha ndi khalidwe la mtundu wako," ankatero alamu, akugogoda papepala ndi pensulo. "Bwerera. Uponde paliponse."

"Mukandiphunzitsa kuyenda ngati Mhehe mayeso adzatha ndili pa funso loyamba."

Pabwalo panga panakhala phokoso kuyambira kadzutsa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinazolowera kusoka pakati pa mikangano. Koma panali chinthu chimodzi chimene onse awiri chinawakanika. Anachikuwa kwambiri moti inenso ndinachigwira mutu wake: ukayesa magulu awiri a ana, lina n'kukhoza kuposa linzake, umadziwa bwanji ngati kusiyanako n'kwenikweni kapena kwangochitika mwamwayi? Buku linali ndi njira yake, koma aliyense ankaimva mwakemwake, ndipo mayankho awo sankakumana.

Mphunzitsi uja analengeza kuti Lachisanu adzakumana ndi onse olembanso, kuti wosamva afunse. Kandida anati apite limodzi. Alamu anati aona. Lachitatu masana kunabwera Gwamaka kudzawazonda, atanyamula malalanje. Iye anakhoza, koma anali m'tauni. Anapereka shikamoo, anakhala pa njerwa, ndipo nkhani ya Lachisanu inabukanso.

"Bondo likundivuta," alamu anatero. "Masitepe a holo ija ndi ambiri. Iwe ukamve, udzandiuze."

"Bondo?" Kandida anawomba m'manja. "Bondo lomwe lija linkakufikitsani kwa wogulitsa nyuzipepala m'mawa uliwonse ife tikupita ku kalasi? Tinkakuonani tili m'minibasi, agogo! Manja kumbuyo ngati nduna yoyendera chitukuko. Gwamaka, ndikunama?"

Gwamaka anayang'ana nyerere pansi. Apo zonse zinaonekera poyera: kalasi yonse inkadziwa, ndipo kalasi yonse inakhala chete chifukwa cha ulemu.

Alamu anaimirira. Analowa m'chipinda n'kutseka chitseko mofatsa, ndipo tinamva bokosi lachitsulo likukhukhuluzidwa pa simenti. Kandida anayamba kusenda lalanje. Patapita kanthawi alamu anatuluka atavala jekete ndi tayi, anaika bokosi pakati pa bwalo.

"Mlamu, ndiitanireni bajaji. Basi ya ku Kilolo ndiipeza."

Ndinadzuka pamakina. Ndinayamba kuyenda kulowera kugeti pang'onopang'ono, ngati ndikuponda minga. Ndisanafike ndinamva kulira kumbuyo kwanga.

Kandida anali atatsomphola nsalu yanga pachingwe, wadzifunda kumutu, wakhala pa bokosi lija ndi thupi lonse.

"Mayo ine! Wafa Mhehe! Sanafe ndi mkondo, wafa ndi funso! Anthuni bwerani, maliro ali pano!"

Amayi a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda. Ana awiri anakwera pageti. Kandida anadula kulira, anakhosomola, n'kuyamba kuyankhula ndi mawu okhuthala a wowerenga mbiri pa maliro.

"Malemuyu anabadwa kalekale, magalimoto asanabwere. Anaphunzitsa ana a anthu kukweza dzanja kwa zaka zambirimbiri, koma dzanja lake iye mwini linali lolemera ngati mtondo. Wasiya mkazi, ana, ndi matayi atatu."

"Choka pa katundu wanga."

"Maliro sanyamuka mtani asanalandire chake."

"Ndati choka!"

Uwu sunali mkwiyo wa masewera. Anatembenukira kwa ine, mwina kuti ndimuchotse mwanayo, pakuti bwalo ndi langa. Ndipo ine ndinakumbukira tsiku limene tinaika Filibati. Anzake oyendetsa malole anabwera ambiri, ndipo mmodzi wa iwo, Mngoni wamimba yaikulu, analumphira m'manda n'kugona chagada, akunena kuti Mhehe sangagone pabwino chonchi iye ali moyo. Ndinaseka misozi ili m'masaya, kuseka kwanga koyamba sabata imeneyo. Abale ena anafuna kumukoka mwaukali, ndipo amene anawaletsa ndi alamu omwewa.

"Alamu," ndinatero, mawu anga akumveka aang'ono ngakhale kwa ine ndemwe. "Pa maliro a mng'ono wanu munatiuza kuti wokwiyira mtani wakwiyira makolo ake omwe. Munapereka nkhuku ndi dzanja lanu."

Anandiyang'ana modabwa. Sindikudziwa ngati anadabwa ndi mawuwo kapena kuti ndayankhula. Kenako anafufuza kampando ka kukhitchini kaja ndi dzanja, n'kukhala.

"Ukufuna chiyani? Nkhuku?"

"Nkhuku ndidya, koma siyokwana." Kandida anatsitsa nsalu kumutu. "Lachisanu mukakhale kutsogolo pambali panga. Mukakweze dzanja lolemeralo, mukafunse chinthu chija."

"Pakamwa pako pamatseka liti, kuti ulephere kufunsa wekha?"

"Ine ndikakweza dzanja anthu amayamba kuseka ndisanayankhule. Aphunzitsi amayesa ndikuchita nthabwala, amandiyankha nthabwala." Mawu ake anatsika. "Inenso ndikagwa ndikupita kwathu, mtani. Ndipo ine kwathu sindine Mwalimu. Ndine mwana wa Mbawala amene anadya pachabe ng'ombe imene bambo ake anagulitsa kuti aphunzire."

Amayi a pampanda aja anabwerera ku ntchito zawo. Alamu anamasula tayi pang'ono, n'kutembenukira kwa Gwamaka.

"Mwanangu, gawo langa lija munalilembanso. Linali lolakwika?"

"Linali... lolembedwa bwino kwambiri, bambo."

"Tanena zoona, Gwamaka!" Kandida anakuwa ali pa bokosi pomwepo. "Sakuluma. Amaluma agalu okha."

Gwamaka anadzutsa mutu. "Linali lolakwika, bambo. Kuyambira pa mzere wachiwiri."

"Marahaba," anatero alamu.

Nkhuku anakagula okha kumsika madzulo omwewo, ine n'kuiphika ndi tomato. Kandida anadya ntchafu zonse ziwiri, akudandaula kuti nkhuku za ku Iringa n'zowonda chifukwa zimakhala mwamantha, poona zimene zimachitikira agalu. Bokosi linabwerera m'chipinda chivindikiro chake chitabonyoka pakati.

Za Lachisanu ndinazimva kawiri, ndipo sizinafanane. Alamu anati analowa mwakachetechete, anakhala kutsogolo, n'kukweza dzanja monga munthu aliyense amachitira. Kandida anati anachita kuwakoka pa jekete kuchokera pachitseko, ndipo dzanjalo linakwera mogwedera ngati mbendera ya chingwe chonyowa. Koma pa zotsatira anagwirizana. Mphunzitsi ataona imvi anawerama n'kunena shikamoo. Alamu anayankha kuti, "Marahaba, mwanangu. Tsopano iwala imvizi. Ine sindinamve kanthu kuchokera pamene unayamba za magulu awiri zija. Yamba nane ngati mwana." Holo inaseka, ndipo kumbuyo kunamveka mawu ena akuti, nafenso, nafenso. Mphunzitsi anafufuta bolodi n'kuyambira pachiyambi. Kenako anawapatsa alamu choko. Iwo analemba mizere ingapo ndi zilembo zawo zokongola zija, ndipo mphunzitsi anawaimitsa.

"Anati chiyani?" ndinafunsa.

"Anati, ayi bambo, apa mwalakwitsa." Alamu anabwereza mawuwo akumwetulira, ngati munthu wouzidwa kuti mvula yagwa kumudzi. "Pamaso pa onse, mlamu. Ndiye ndinafufuta ndi chikhatho, n'kukonza."

Pa mkono wa jekete panali fumbi la choko. Sanalikutumule.

Mayeso analemba mitengo ya m'misewu itayamba maluwa ake ofiirira. Zotsatira zinabwera pafoni, ndipo popeza alamu ankachedwa kupeza pokanikiza, Kandida anawalanda. Anayang'ana, anakwinya nkhope, anapukusa mutu mpaka alamu anagwira tsinde la mtengo wa mapeyala.

"Zachisoni," anatero. "Yunivesite yatsika. Ayamba kukhozetsa Ahehe."

Onse awiri anadutsa, osati ndi malikisi odzitamira nawo, koma anadutsa. Kandida anawaposa pang'ono, ndipo alamu amanena mpaka lero kuti n'chifukwa anamuphunzitsa kuponda paliponse.

Chaka chachiwiri gulu linkakumanabe pabwalo panga. Mpando wa ndalema ndinaubweza pakhonde n'kumaunjikapo nsalu, chifukwa alamu anasankha njerwa yawo pafupi ndi tsinde. Ana ankaperekabe shikamoo, iwo n'kuyankha marahaba, kenako n'kutambasula pepala lawo pakati n'kunena kuti, "Ulemu watha, tsopano lilumeni." Poyamba ankaliluma Kandida yekha. Pang'ono ndi pang'ono Gwamaka anaphunzira kunena kuti, "Apa sindikugwirizana nanu, bambo," ngakhale ankanena atayang'ana pansi. Sikuti alamu anasanduka munthu wina. Panali masiku ena amene ankabwera ali duu, n'kukhala padzuwa buku lili pamiyendo. Koma m'mawa mwake ankapita, ndipo kwa wogulitsa nyuzipepala sindinawaonekonso nthawi ya kalasi.

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho anauza akazi awo zonse, ndi za bondo zomwe. Akaziwo anadzandiuza kuti anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anakwiya sabata yathunthu chifukwa chobisiridwa.

Chipewa cha ngodya zinayi chinafika ku Kilolo. Mkulu wa mpingo uja anachigwira, anachitembenuza, n'kunena kuti ankayesa n'cholemera kuposa pamenepa. Alamu tsopano akuphunzitsa pa sekondale ya kufupi ndi kwawo, ndipo pa maliro akuwerengabe mbiri. Kandida anatumizidwa kukaphunzitsa kutali, cha ku Tabora. Amandiimbira foni nthawi zina, ndipo funso lake loyamba limakhala lakuti Pilipili akadali moyo kapena mdala uja anamupeza.

Mwezi wathawu alamu anabwera m'tauni ku msonkhano wa aphunzitsi, n'kugona kwanga. Ananditengera nsawawa ndi mbatatesi m'bokosi lobiriwira lomwe lija. Ndinawauza kuti kuseri kwa msika kuli mnyamata wosula zidebe, akhoza kuwongola chivindikirocho ndi nyundo kanthawi kochepa.

Anasisita pobonyoka paja ndi chikhatho.

"Lisiyeni, mlamu," anatero. "Limatsekeka bwinobwino."